CIMBALE COCHEDWA LOW NDI NYIMBO ZA MAKINA

Ndifuna ndikambe za cimbale cimodzi cakale ca nyimbo za Azungu. Dzina lace ndi Low, ndipo mwini wace ndi David Bowie, woimba wa ku England amene anabadwira ku London m'caka ca 1947 namwalira ku New York m'caka ca 2016. Cimbaleci cinatuluka pa 14 January, 1977, pamene ambiri a makolo athu anali makanda kapena asanabadwe n'komwe. Ndasankha kulemba za ico cifukwa ca mtsutso wina umene sukutha pakati pathu. Alipo ena amene amati nyimbo yopangidwa ndi makina si nyimbo konse, pakuti makina alibe mtima. Amati woimba weni weni ndiye wogwira gitala kapena ng'oma kufikira thukuta litati kamu kamu. Ine ndiri mbali inayo, ndipo mboni yanga ndi cimbale cimeneci.

Poyamba tiyeni tidziwe makina amene tirikunenawa. Coimbira ciri conse cimalira cifukwa ca kunjenjemera kwa kanthu kena. Pa gitala ndi pa bangwe zimanjenjemera ndi nsambo, pa ng'oma ndi cikopa, m'citoliro ndi mpweya. Koma m'makina ochedwa synthesizer mulibe nsambo kapena cikopa. M'menemo mphamvu ya magetsi ndiyo imagwedezeka uku ndi uku mofulumira kwambiri, ndipo sipika imasandutsa kugwedezekako kukhala mau omveka m'makutu. Ikagwedezeka kokwana 440 pa sekondi imodzi timamva liu limene oimba amalicha A. Ikafulumira kawiri, ndiko kuti 880, timamva A yemweyo koma wam'mwamba. Woimba amapotokola timabatani kuti liulo likhale lakuthwa kapena lobuntha, liyambe mwadzidzidzi monga kugogoda kwa pa citseko, kapena likule pang'ono pang'ono monga mphepo ya mwera. Motero munthu angathe kupanga mau amene palibe coimbira cina pa dziko lapansi cingawatulutse.

Munthu wina wa ku America, dzina lace Robert Moog, anayamba kugulitsa makina otere capakati pa zaka za m'ma 1960. Oyambawo anali akulu ngati kabati, odzaza ndi mawaya, ndipo mtengo wao unali wosayambika kwa munthu wamba. M'caka ca 1970 kunatuluka ang'ono ochedwa Minimoog, amene munthu akanatha kunyamula m'manja. Koma oimba a rock ambiri amene anawagula ankangodzionetsera nao, kuthamangitsa zala kuti anthu agome ndi ukatswiri wao. Ena anawakana ndithu. Gulu lochuka la Queen linkalemba pa zikuto za zimbale zace za m'zaka za m'ma 1970 kuti m'nyimbo zao munalibe synthesizer, ngati kuti kukhala nayo kunali kubera mayeso. Mukuona tsono kuti mtsutso wathu uja si wa lero.

Nanga Bowie anafika bwanji ku makinawa? Iye anali atachuka kale. M'caka ca 1972 anabvala zobvala zodabwitsa nadzicha Ziggy Stardust, ndipo acinyamata a ku England anapenga naye. M'caka ca 1975 nyimbo yace ya "Fame" inakhala yoyamba pa mndandanda wa nyimbo zokondedwa ku America. Koma pamene dzina linali kukwera, mwini dzinayo anali kutsika. Ankakhala ku Los Angeles, atagwidwa ukapolo ndi mankhwala ozunguza bongo ochedwa cocaine, osadya mokwanira, osagona, thupi litatha monga la munthu wodwala nthawi yaitali. Banja lace linali kugwedezeka, ndiponso anali pa mlandu ndi munthu amene ankayendetsa nchito zace. M'caka ca 1976 anaona kuti akakhalabe kumeneko moyo wace uonongeka, cotero anabwerera ku Ulaya. Liu loti low m'Cingerezi limanena cinthu cotsika, kapenanso munthu wosweka mtima, ndipo umo ndimo analiri pojambula cimbaleci.

Masiku amenewo makutu ace anali ku Germany. Acinyamata ena a kumeneko, obadwa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati kapena itangotha, sanafune kumangotsanzira nyimbo za ku America, ndipo anali kufunafuna maimbidwe aoao. Gulu la Kraftwerk la mu mzinda wa Düsseldorf linatulutsa cimbale ca Autobahn m'caka ca 1974, momwe muli nyimbo imodzi ya mphindi zoposa 22 yoyerekeza ulendo wa pa galimoto mu mseu waukulu. Panalinso magulu ena monga Neu! ndi Tangerine Dream. Nyimbo ya Autobahn, ataifupikitsa, inagulidwa ndithu ku England ndi ku America m'caka ca 1975, koma ambiri anaiyesa kanthu kacilendo kongosangalatsa kamodzi. Bowie sanaganize cotero. Iye anamvamo njira yatsopano.

Anayamba kujambula mu September 1976 m'nyumba ina yakale yochedwa Château d'Hérouville pafupi ndi Paris ku France, namalizira ku situdiyo ya Hansa mu mzinda wa Berlin. Inu amene mumamvetsera bwino m'kalasi la History mukudziwa kuti nthawi imeneyo dziko la Germany linali logawika pawiri, ndipo mzinda wa Berlin unali wodulidwa ndi khoma limene linamangidwa m'caka ca 1961 ndi kugwetsedwa m'caka ca 1989. Bowie anakhala kumadzulo kwa khomalo, m'dera la Schöneberg, pamodzi ndi bwenzi lace Iggy Pop, ndipo ankayenda pa njinga m'miseu popanda womuthamangira. Low pamodzi ndi zimbale ziwiri zotsatira, "Heroes" ca 1977 ndi Lodger ca 1979, anthu amazicha zimbale zitatu za ku Berlin, ngakhale kuti nchito yambiri ya Low inacitikira ku France.

Mutu umodzi susenza denga. Wothandizana naye kukonza cimbale conse anali Tony Visconti wa ku New York. Kenaka kunabwera Brian Eno, amene anali m'gulu la Roxy Music kufikira 1973, munthu wokonda kunena kuti iye si woimba konse, atanyamula synthesizer ya kampani ya EMS yokhala m'kasutikesi, yoyendetsa ndi timapini ndi kandodo kakang'ono. Ambiri amaganiza kuti Eno ndiye anakonza cimbaleci, koma pa cikuto pace palembedwa Bowie ndi Visconti. Ndipo pali atatu ena amene anthu amawaiwala kawiri kawiri: Carlos Alomar wa gitala, George Murray wa besi ndi Dennis Davis wa ng'oma, onse ocokera ku America, ozolowera nyimbo zobvinitsa za soul ndi funk. Amenewa ndiwo ankayamba kujambula, pamwamba pao n'kusanjikapo gitala wina wa Ricky Gardiner ndi makina a Eno, ndipo mau a nyimbo ankabwera pomalizira peni peni. Pa nyimbo zina mauwo sanabwere n'komwe, Bowie nangozisiya comweco.

Ndifuna ndiime pang'ono pa ng'oma za Dennis Davis, pakuti apa mpamene pali yankho langa loyamba kwa otsutsa aja. Visconti anali atangogula kabokosi katsopano ka kampani ya Eventide kochedwa Harmonizer, kamene nchito yace ndi kukweza kapena kutsitsa liu popanda kusintha liwiro lace. Anakalumikiza ku kang'oma kapakati kamene woimba amamenya kawiri kawiri, nakakonza kuti liu lotsitsidwalo lizibwereranso m'kabokosimo ndi kutsikiranso. Cotero kang'omako kakamenyedwa sikanena "tha!" n'kuleka, koma kamalira ndi kugwa pansi, monga mwala woponyedwa m'citsime cakuya. Davis ankamva zimenezi m'makutu mwace pamene anali kumenya, ndipo anapeza kuti akamenya mwamphamvu kugwako kumasintha. Anayamba tsono kusewera nako kabokosiko monga coimbira cina. Kodi pamenepa tinene kuti anaimba ndi makina kapena ndi munthu? Makina paokha akanakhala cete pa tebulo, ndipo dzanja palokha silikanatulutsa liu lotero. Cimbale citatuluka, akatswiri ena a m'masitudiyo anamfunsa Visconti cinsinsi cace, iye nakana kuulula.

Anzanga ozolowera kumvera nyimbo pa lamya ya m'manja ayenera kudziwa kuti cimbale ca masiku aja cinali mbale yakuda ya pulasitiki ya mbali ziwiri. Mbali imodzi inkatenga mphindi monga 20, ndipo ikatha munthu ankanyamuka kukaitembenuza. Bowie anagwiritsa nchito kutembenuzako mocenjera, pakuti mbali ziwiri za Low ziri ngati usana ndi usiku.

Mbali yoyamba iri ndi nyimbo 7 zazifupi. Yoyamba, "Speed of Life", iribe mau, ndipo imayamba ngati munthu watsegula citseko ca cipinda momwe oimba ayamba kale kuimba. Imathanso pamene mukuyembekeza kuti woimba alowe. "Breaking Glass" sikwana ndi mphindi ziwiri zomwe. Ndiye pali "Sound and Vision", imene ine ndimaiyesa mfumukazi ya mbali imeneyi. Gitala wace ndi wosangalala, woti munthu angayende naye modumphadumpha, ndipo synthesizer imatsika pamwamba pace ngati madzi a pa mathithi. Mai wina woimba, Mary Hopkin, amang'ung'udza pang'ono, koma Bowie mwini sayamba kuimba kufikira pafupifupi theka la nyimboyo litatha. Akayamba, zimene akunena ndi za munthu wodzitsekera m'cipinda, makatani ali otseka, wopanda cocita ndi conena, akungodikira kuti nzeru zace zibwerere. Zoimbira zirikuseka, munthu alikulira. "Always Crashing in the Same Car" ikamba za munthu wobwereza colakwa comwe comweco, ndipo "Be My Wife" ndi pempho la munthu wosungulumwa amene wayenda maiko ambiri osapeza pokhazikika. Yomaliza, "A New Career in a New Town", iribenso mau; imayamba ndi kugunda kwa makina kofatsa ngati mtima wa munthu wogona, kenaka kalimba kapakamwa kochedwa harmonica kamalowa ndi kulira kwa munthu wa pa ulendo.

Mukatembenuza mbale mumapeza kuti ng'oma zija zapita, ndipo zatsala nyimbo 4 zazitali zoyenda pang'ono pang'ono. Yoyamba ndi "Warszawa", limene ndi dzina la mzinda wa Warsaw m'cinenero ca ku Poland. Bowie anadzera mu mzindawu pa sitima ya pamtunda, pamene dzikolo linali pansi pa ulamuliro wa Cikomyunizimu, ndipo cisoni ca malowo cinamkhala mumtima. Mbali yaikulu ya nyimboyi anaipeka ndi Eno pa masiku amene Bowie anapita ku Paris ku mlandu wace uja. Kamwana ka Visconti ka zaka 4 kanali kusewera pa piyano, kumangobwereza A, B, C, ndipo Eno atamva anakhala pambali pace napitiriza pomwe mwanayo analekeza. Nyimboyi imayamba ndi liu limodzi lakuya logunda mobwereza ngati belu la maliro. Pamwamba pace mau a makina amakwera ndi kutsika mwaulemu monga limba la m'chalichi cacikulu copanda anthu. Patapita mphindi monga 4 Bowie amalowa, akuimba m'cinenero cimene kulibe pa dziko lapansi, mau ongopeka, potsanzira maimbidwe a kwaya ina ya ku Poland yochedwa Śląsk imene anagula cimbale cace. Palibe liu limene mungalimasulire, komabe simungakaike kuti kumeneku ndi kulira maliro. Amene amati makina alibe mtima ndiwapempha amvere nyimbo iyi yokha, mphindi 6 ndi pang'ono, asanayambenso kutsutsa.

"Art Decade" ikamba za Berlin wa kumadzulo, mzinda wozingidwa; kunena zoona imeneyi imandicedwera, ndipo ndikanakhala ine ndikanaidula. "Weeping Wall" Bowie anaiimba yekha zoimbira zonse, ndipo muli zoimbira za timatabwa ndi tizitsulo zogogoda ndi timitengo, zofanana ndi valimba ya kunsi kwa Shire kapena mangolongondo, zobwereza kanjira kamodzi kosalekeza. Ife amene tinakula tikumva zoimbira zotere sitibvutika nayo monga anabvutikira Azungu ena. Yotsiriza ndi "Subterraneans", yokumbukira anthu amene anatsekeredwa kum'mawa kwa khoma. Ca kumapeto kwace Bowie amaliza lipenga la saxophone mofooka, ngati munthu wokumbukira nyimbo za pa madansi akale amene sadzabweranso.

Akuluakulu a kampani ya RCA, amene ankagulitsa zimbale za Bowie, atamva zimenezi anagwira njakata. Iwo anali kuyembekeza nyimbo zonga "Fame" zoti agulitse pa Khirisimasi, ndipo anacedwetsa cimbaleco kufikira January. Bowie sanapite ku mawailesi kukacilengeza. M'malo mwace ananyamuka ndi Iggy Pop pa ulendo wa zoimbaimba, iye atakhala kumbuyo monga woimba kiyibodi wamba. Olemba nyuzipepala anagawanika. Nyuzipepala ya nyimbo ya New Musical Express inasindikiza maganizo a anthu awiri, Charles Shaar Murray akucinyoza, Ian MacDonald akuciyamikira. Koma cakudza siciimba ng'oma: cimbale cimene eni malonda anaciopa cinafika pa nambala 2 ku Britain ndi pa nambala 11 ku America, ndipo "Sound and Vision" inafika pa nambala 3 ku Britain. M'caka ca 1978 Bowie ankatsegula madansi ace ndi "Warszawa", namtindi wa anthu obwera kudzabvina nuyamba wakhala cete. Panali ndi zoseketsa zomwe. Woimba wina dzina lace Nick Lowe anati Bowie waba dzina lace ndi kucotsapo "e", ndipo pobwezera anatulutsa kacimbale kace kochedwa Bowi.

Tsopano tifike pa zipatso zace. Synth-pop ndi nyimbo zazifupi zokomera anthu ambiri, zoti munthu angabvine kapena kuimba nao, koma zomangidwa pa synthesizer m'malo mwa gitala. Zinaphuka ku Britain kuyambira 1978 kufikira capakati pa zaka za m'ma 1980. Sindirikunena kuti Low ndiye kholo lace lokha, iai. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kraftwerk anali patsogolo pa onse, ndipo m'caka comweco ca 1977 Giorgio Moroder ku Munich anakonzera Donna Summer nyimbo ya "I Feel Love", imene inaonetsa kuti makina angabvinitse anthu. Nyimbo za punk za 1976 ndi 1977 zinaphunzitsa acinyamata kuti munthu angayambe gulu ngakhale sadziwa kuimba bwino. Makampani a ku Japan monga Korg ndi Roland anayamba kugulitsa makina ochipirako. Mnyamata wina wa ku London, Daniel Miller, anagula Korg, najambula nyimbo ya "Warm Leatherette" kunyumba kwace, naitulutsa m'caka ca 1978, nayambitsa kampani ya zimbale ya Mute.

Nanga gawo la Bowie linali lotani? Ine ndiona kuti iye anatsegula citseko cimene ena akanangogogoda. Kraftwerk anali alendo obvala masuti, odziyerekeza ngati maloboti, ndipo mnyamata wa ku Sheffield akanatha kuwasirira koma osadziona yekha mwa iwo. Bowie anali wao, munthu amene cithunzi cace anacipacika m'zipinda zao kuyambira ali ana. Iye atatenga makina, kutenga makina kunaleka kukhala camanyazi. Koposa apo anawaonetsa cocita nao: osati kudzionetsera, koma kunena za kusungulumwa, mantha ndi moyo wa mu mzinda momwe munthu ali pakati pa anthu zikwi zambiri koma alibe womudziwa. Acinyamata a m'mizinda ya mafakitale, kumene nchito zinali kusowa, anamva cinenero cimeneci msanga. Anatenga kufupika kwa nyimbo za mbali yoyamba ndi mau ozizira a mbali yaciwiri, naziphatikiza m'nyimbo imodzi ya mphindi zitatu kapena zinai. Kuphatikizako ndiko synth-pop.

Woyamba kukolola anali Gary Numan wa ku London, wokonda Bowie kwambiri. M'caka ca 1978 analowa m'situdiyo kukajambula nyimbo za punk ndi gulu lace la Tubeway Army, napeza Minimoog itasiyidwa pakona. Anadina kamodzi, cipinda conse cinanjenjemera, ndipo kuyambira pomwepo anasintha njira. M'caka ca 1979 nyimbo zace ziwiri, "Are 'Friends' Electric?" ndi "Cars", zinafika pa nambala 1 ku Britain. Yaciwiriyo ikamba za munthu amene amadzimva wotetezeka pokha pokha atadzitsekera m'galimoto. Kodi ameneyu si mbale wace wa munthu wodzitsekera m'cipinda uja? Numan ankadzola nkhope yoyera mbuu, osaseka, kotero kuti olemba nyuzi anamnena kuti ndi wongotsanzira, ndipo Bowie mwini sanakondwere naye poyamba. Ine ndiona kuti anamlakwira, pakuti kulemera kwa mau a makina a Numan ndi kwace kwace.

Ku Sheffield, mzinda wa zitsulo, anyamata awiri ogwira nchito pa makompyuta, Martyn Ware ndi Ian Craig Marsh, anayambitsa gulu la The Human League, naitana mnzao Philip Oakey, wogwira nchito yonyamula odwala m'cipatala, kuti aziimba. Analibe gitala kapena ng'oma. Bowie anapita kukawaonera akadali osadziwika, nanena kuti waona tsogolo la nyimbo za pop. Gululi linagawanika m'caka ca 1980, koma Oakey ndi anzace atsopano anatulutsa cimbale ca Dare m'caka ca 1981, ndipo nyimbo yao ya "Don't You Want Me" inali pa nambala 1 ku Britain pa Khirisimasi ya caka cimeneco. Gulu la Ultravox, limene Eno anathandiza kukonza cimbale cao coyamba, linachuka m'caka ca 1981 ndi "Vienna", nyimbo yoyenda mwaulemu yochedwanso ndi dzina la mzinda wa ku Ulaya; m'makutu mwanga imeneyi ndi mdzukulu wa "Warszawa".

Umboni woonekeratu uli ku Manchester. Anyamata anai a kumeneko anacha gulu lao Warsaw potengera nyimbo ya Bowie ija, asanasinthe dzina kukhala Joy Division. Womenya ng'oma wao, Stephen Morris, ananena kuti pojambula koyamba anapempha kuti ng'oma zace zimveke monga za pa "Speed of Life". Woimba wao Ian Curtis atamwalira mu May 1980, otsalawo anadzicha New Order natembenukira ku makina, ndipo nyimbo yao ya "Blue Monday" ya 1983 imabvinidwabe mpaka lero. Ku London nako acinyamata ankasonkhana m'nyumba yobvinira ya Billy's m'caka ca 1978, kenaka ku Blitz, usiku wina pa sabata wongomvera nyimbo za Bowie, Kraftwerk ndi zonga izo. Woimirira pa khomo, Steve Strange, anaoneka m'kanema wa nyimbo ya Bowie ya "Ashes to Ashes" m'caka ca 1980, ndipo caka comweco gulu lace la Visage linatulutsa "Fade to Grey". Depeche Mode a ku Basildon, amene Daniel Miller uja anawatenga ku Mute, kuyambira 1983 anapita okha ku Berlin kukagwira nchito m'situdiyo za Hansa.

Otsutsa aja ali ndi mfundo imodzi imene sindingaikane. Pa Low makina ankayenda pamodzi ndi manja a Davis, Murray ndi Alomar, koma ambiri a otsatira anacotsa anthu otere naikapo makina omenya ng'oma okha. Pa cimbale ca Dare ng'oma zinamenyedwa ndi makina a Linn. Oimba ena anataya nchito, kotero kuti m'caka ca 1982 nthambi ya ku London ya bungwe la oimba a ku Britain inapempha kuti makinawa aletsedwe m'masitudiyo. Pempholo silinaphule kanthu. Ndiponso malonda atakoma kunatuluka nyimbo zambiri za synth-pop zopanda mcere, zongodina batani ndi kupita kukalandira ndalama. Koma kodi nyimbo zopanda mcere za gitala kulibe? Amene anali ndi conena, monga Soft Cell ndi "Tainted Love" ya 1981, Eurythmics ndi "Sweet Dreams" ya 1983, kapena Pet Shop Boys, anacinena bwino lomwe ndi makina. Kiyibodi imene imalira m'machalichi mwathu ndi pa maukwati, ndi kompyuta imene anyamata a m'matauni amapangira nyimbo m'cipinda cogona, ndi zidzukulu za synthesizer yomweyo, ndipo tonse timasiyanitsa woimba kiyibodi amene amatilowa mumtima ndi wina wongosokosa, ngakhale makina ao ali amodzimodzi.

Ulemu wa Low wakula ndi zaka. M'caka ca 1992 wopeka nyimbo wa ku America, Philip Glass, anatenga nyimbo za m'menemo nazikonza kuti ziimbidwe ndi gulu lalikulu la mazeze a Cizungu ndi malipenga, makina palibe. M'caka ca 2004 olemba za nyimbo a Pitchfork anaciika pa nambala 1 mwa zimbale zonse za m'zaka za m'ma 1970. Ndipo inu amene munabvina "Blinding Lights" ya The Weeknd, imene inatuluka m'caka ca 2019, munabvina synth-pop osadziwa dzina lace.

Wofuna kuyesa yekha adzapeze cimbaleci pa intaneti pa cuti, pakuti ca kusukulu kuno lamya ndi yoletsedwa ndipo sindifuna mlandu ndi aphunzitsi athu. Conse cimatenga mphindi zosakwana 40. Mucimvere mwa dongosolo lace, osadumpha, ndi zomvera za m'makutu ngati ziripo, kuti mumve kugwa kwa kang'oma ka Davis. Nyimbo ya 7 ikatha muimitse kamphindi monga ankacitira otembenuza mbale, kenaka muyambe "Warszawa". Mukamaliza mumvere "Cars", "Vienna" ndi "Blue Monday" motsatizana, muchere khutu ku mau akuya a pansi ndi ku kaimbidwe kosaseka ka woimba. Amene adzapeze zosiyana ndi zimene ndalembazi alembere akonzi, tidzaonane m'magazini ya teremu ya mawa.